Khoswe wa Pamkhate: Mbiri ya Nkhanza za M'zitokosi za Malawi

Mukafika pa polisi iliyonse m'mawa kapena chakumadzulo, mupeza amayi atakhala pansi pa mtengo, ena atatsamira khoma, aliyense ali ndi kontena ya nsima yokulungidwa m'nsalu. Abwera kudzaona mwana, mwamuna kapena mlongo amene ali m'chitokosi. Nthawi ikakwana amaitanidwa pakauntala, amayamba alawa chakudyacho wapolisi akuona, kenaka wam'katiyo amatulutsidwa kwa kamphindi. Pa kamphindi kameneko mayi sachulutsa mawu. Maso ake amayendayenda pathupi la mwana wakeyo. Kodi akuponda bwino? Nkhope yatupa? Nanga dzanjalo walipindiranji pachifuwa? Palibe sukulu imene inamuphunzitsa kuyang'ana motero. Ndi nzeru imene mibadwo ya dziko lino yakhala ikusiyirana kwa zaka zoposa 100, yakuti munthu akagwa m'manja mwa boma, thupi lake lili pangozi.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponya mwala uswa mkhate, ndiye umangomuyang'ana akupukuta ndevu. Amene amamenya munthu womangidwa wakhala pamkhate wotere kuyambira kalekale. Maboma asintha, mbendera zasintha, yunifolomu yasintha mtundu, koma womenyayo wakhala akudziwa chinthu chimodzi: kumukhudza iye n'kukhudza boma, ndipo boma silidzikhudza lokha. Kuti timvetse chifukwa chake anthu akuferabe m'zitokosi m'dziko limene malamulo ake aakulu amaletsa kuzunza munthu, tiyenera kutsata mkhate umenewu kuchokera kumene unaumbidwa.

Chikoti cha atsamunda

Pamene Angerezi analengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, sanabwere ndi gulu la apolisi. Mzungu aliyense woyang'anira boma ankalemba yekha asikari ndi amesenjala ake. Ntchito yawo yaikulu inali kutolera msonkho wa nyumba, kusaka othawa msonkho ndi kugwira anthu okasenza mtengatenga kapena kulambula misewu. Mwamuna akathawira kuthengo, asikari ankatha kutenga mkazi wake n'kukamusunga pa boma mpaka msonkho utapezeka, ndipo nyumba za olephera kulipira zinkatenthedwa. Chikoti cha chikopa cha mvuu chinali chilango chovomerezeka. Choopsa kwambiri n'chakuti mzungu mmodzi yemweyo ndiye anali wokhometsa msonkho, mkulu wa asikari komanso woweruza milandu. Wokwapulidwa akanakadandaula kwa yani?

Nkhondo ya John Chilembwe ya 1915 inawadzidzimutsa atsamunda, ndipo mu 1921 anakhazikitsa polisi ya dziko lonse, likulu lake ku Zomba. Mabwana anali azungu, ndipo ambiri mwa apolisi wamba anali anthu amene anagwirapo usilikali. Ankadziwa perete ndi mfuti kuposa kufufuza mlandu. Polisi yathu inabadwa kuti iteteze wolamula kwa olamulidwa, ndipo chibadwa chimenechi chavuta kuchichotsa.

Chitaganya chitayamba mu 1953 kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera ena, ndipo chaka chotsatira boma linapanga gulu la apolisi a Mobile Force, lothamangitsidwa kulikonse kumene anthu awiringula. Alimi okana malamulo a malimidwe analawa zibonga zawo. Kenaka pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi. Usiku womwewo atsogoleri a chipani cha Congress anazulidwa m'nyumba zawo, ndipo onse omangidwa popanda mlandu anaposa 1,000. Ena anatumizidwa kundende za ku Southern Rhodesia, ena anatsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe, kumene ankapanikizidwa kuti avomere za chiwembu chopha azungu. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu limene linasonkhana padoko pofuna kuti abale awo amene anali m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo anthu osachepera 20 anafera pomwepo.

Boma la Britain linatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake linawerenga anthu 51 ophedwa, linatchula za kumenya anthu pomanga ndi kutentha nyumba, ndipo linanena mosabisa kuti Nyasaland inali itasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma limene linamutuma linakana mfundo zazikulu za lipotilo. Palibe amene anaimbidwa mlandu wa imfa za ku Nkhata Bay. Apa ndi pamene tinaonera koyamba njira imene yabwerezedwa kambirimbiri: anthu afa, bungwe lofufuza likhazikitsidwa, zoona zilembedwa, lipoti likagona pashelefu.

Omangidwa asanduka omanga

Dr Hastings Kamuzu Banda anatuluka m'ndende ya Gwelo mu Epulo 1960, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu. Ambiri mwa atsogoleri atsopano ankadziwa kuzizira kwa simenti ya m'ndende ndi nthiti zawo. Munthu akanayembekeza kuti chinthu choyamba kuchithyola chikhala unyolo. Koma patangotha miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Kamuzu, zina zinathawira kunja, ndipo Henry Masauko Chipembere atayesa kuukira mu Febuluwale 1965, boma linabwezeretsa ndi kulimbitsa mphamvu yotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi ina iliyonse imene lafuna.

Ku Dowa kunatsegulidwa malo osungirako anthu otere, Dzaleka. Anthu amati dzinali linachokera ku kulira kwa wolangidwa, kuti ndidzaleka. Kumeneko kunapita otsatira Chipembere, kunapita anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi, amuna, akazi ndi ana, ndipo kunapitanso a Mboni za Yehova, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula kadi ya chipani cholamula. A Mboni anamenyedwa, akazi awo anagwiriridwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo mu 1972 masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ambiri mwa ochita zimenezi anali ayufi ndi apayoniya, amene ankagwira ndi kumenya anthu apolisi akuonerera.

Nthawi yomweyo malamulo a milandu anapindidwa. Mu 1967 kunakhazikitsidwa lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, ndipo gawo 176 la lamuloli linati mawu ovomera mlandu azilandiridwa m'khoti ngakhale woimbidwa mlanduyo atanena kuti sanawapereke mwa kufuna kwake. Tigwire bwino nambala imeneyi, pakuti tidzakumana nayonso. Mu 1969, anthu ali ndi mantha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu usiku ku Chilobwe, makhoti amakolo anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha, ndipo kenaka youkira boma. M'makhoti amenewa loya sankaloledwa. Munthu ankaima yekha, mabala ali pamsana, pamaso pa oweruza osankhidwa ndi amene akumuimba mlandu.

Zaka za m'ma 1970 zinali za apolisi a Special Branch. Galimoto inkaima pakhomo usiku kapena pa ofesi masana, ndipo munthu ankangosowa. Achibale sankafunsa mokweza, anansi ankaleka kubwera kudzapempha moto. Ndende ya Mikuyu pafupi ndi Zomba inadzaza ndi aphunzitsi, atolankhani, ogwira ntchito m'boma ndi ophunzira a pa Chancellor College, ambiri a iwo ochokera kumpoto. Sam Mpasu anatengedwa mu 1975 chifukwa cha buku la nthano limene analemba, ndipo anakhala zaka ziwiri osaonekera kukhoti. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Amene anatulukamo amoyo anasimba za kuvulidwa zovala, kumangidwa maunyolo m'manja ndi m'miyendo, kuthiridwa madzi ozizira m'kachipinda kamdima, kumanidwa chakudya masiku angapo, ndi mgaiwa wa nyemba zofumbwa umene unkadwalitsa anthu pang'onopang'ono.

Mayina awiri ankatchulidwa monong'ona masiku amenewo: Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch. Mu 1976 onse awiri anamangidwa. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993, ndipo iwo atagwa anthu mazanamazana anamasulidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komabe tisasokoneze zinthu. Awiriwa anaweruzidwa pa mlandu wofuna kugwetsa boma. Misana imene inang'ambidwa m'nthawi yawo sinatchulidwe pa chigamulo. Khoswe anaphedwa chifukwa anamuganizira kuti akufuna kugubuduza mkhate, ndipo pamkhatepo panakwera ena.

N'chifukwa chake nkhanza sizinathe. Orton Chirwa, loya amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 ndi kukhala nduna yoyamba ya zachilungamo, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1981. Khoti lamakolo linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo anasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba kwa zaka zambiri osaonana. Orton ankamangidwa maunyolo m'miyendo, ndipo anafera momwemo pa 20 Okutobala 1992. Mlakatuli Jack Mapanje anatengedwa mu Seputembala 1987 n'kutuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991 osauzidwa chimene analakwa.

Awa ndi mayina amene dziko lapansi linawamva. Koma kunalinso ena opanda owalembera makalata. M'zaka za m'ma 1980 akaidi amene ankatchedwa mbava zosamva ankatumizidwa ku Nsanje ndi ku Dzaleka, kumene ankamenyedwa, kumangiriridwa pansi ali maliseche ndi kumanidwa chakudya, ndipo ambiri anafera komweko. Bungwe la Amnesty International linalemba zimenezi. Ndi ochepa m'dziko muno amene anawalira, chifukwa anali akuba. Maganizo akuti wakuba alibe thupi loyenera kulilemekeza anapulumuka pamene zina zonse za ulamuliro umenewo zinagwa.

Mlandu wa Mwanza

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi akuchokera ku nyumba ya malamulo ku Zomba. Anagonekedwa ku Mikuyu, kenaka anatengeredwa ku Thambani m'boma la Mwanza, kumene anaphedwa ndi nyundo. Mitembo inaikidwa m'galimoto n'kuigubuduzira kuphompho, ndipo dziko linauzidwa kuti anachita ngozi pothawa. Mabanja analetsedwa ngakhale kulira maliro monga mwa mwambo.

Mphepo inatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Ngakhale pamenepo apolisi anagwira anthu ambiri owaganizira kuti akuchulukitsa makalata otsutsa boma, ndipo ena anazunzidwa koopsa pofunsidwa. Koma riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinabweretsa boma la Bakili Muluzi, limene linalamula kuti Mikuyu, Dzaleka ndi Nsanje zitsekedwe, ndipo linakhazikitsa bungwe lofufuza za Mwanza motsogozedwa ndi woweruza Harry Mtegha. Apolisi amene anali ku Thambani anafotokoza zimene manja awo anachita. Kamuzu, John Tembo ndi ena mwa akuluakulu a polisi anazengedwa mlandu wopangana za kupha. Koma anthu awiri amene akanalumikiza lamulo ndi mwini lamulo, mkulu wa apolisi Mac Kamwana ndi mlembi wamkulu wa boma John Ngwiri, anali atamwalira kale. Mu Disembala 1995 onse anapezeka osalakwa. Mwezi wotsatira kunatuluka uthenga wa Kamuzu wopepesa mtundu pa zowawa zimene anthu anaziona m'dzina lake.

Motero mlandu waukulu koposa m'mbiri yathu unatha chonchi: tikudziwa amene anafa, tikudziwa malo, tikudziwa chida, koma palibe amene analangidwa. Dziko silinakhazikitse bwalo loti ozunza ndi ozunzidwa akaululirepo zoona. M'malo mwake malamulo aakulu atsopano anapanga bwalo lapadera la chipukutamisozi, n'kutseka njira yosumira boma m'makhoti wamba pa nkhanza za kale. Bwalolo linapatsidwa zaka 10, ndipo linatsekedwa anthu masauzande atangolandira kangachepe kapena osalandira kanthu. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inapeza kuti anthu amenewa anangotayidwa. Ambiri mwa amene ankagwira zibonga anapitiriza ntchito, anakwezedwa, anaphunzitsa achinyamata olowa kumene, ndipo anapuma ndi penshoni.

Malamulo atsopano, manja akale

Papepala, Malawi wa 1994 ndi dziko lina. Gawo 19 la malamulo aakulu likuletsa kuzunza munthu mwa njira ina iliyonse, ndipo ufulu umenewu sungachotsedwe ngakhale pa nthawi ya zadzidzidzi. Gawo 42 likuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Mu 1996 dziko lino linalowa m'pangano la United Nations lothana ndi kuzunza anthu. Kunabwera bungwe la Malawi Human Rights Commission, kunabwera apolisi a m'madera, ndipo m'mapolisi munatsegulidwa zipinda zothandizira ochitiridwa nkhanza. Zonsezi ndi zenizeni, ndipo zapulumutsa anthu.

Koma mu Novembala 2001 woimba wa ku Chileka, Evison Matafale, anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Anali akudwala kale. Anatengeredwa ku Lilongwe, ndipo pa 27 Novembala anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Bungwe lofufuza linati chinamupha ndi chibayo, koma abale ake ndi okonda nyimbo zake sanakhutire, ndipo funso loti munthu wodwala chomwecho anamuyendetseranji ulendo wotero silinayankhidwe ndi chilango cha wina aliyense. Mwezi wotsatira ophunzira a pa Chancellor College anachita zionetsero, ndipo mmodzi wa iwo, Fanikiso Phiri, anawomberedwa ndi apolisi n'kumwalira.

Patapita zaka 10, zionetsero za pa 20 Julayi 2011 zinasiya anthu 20 atafa, ambiri ku Mzuzu. Mu Seputembala chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anafulumira kunena kuti anadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Dokotala wopima mitembo Charles Dzamalala anapeza kuti mabala a m'mutu sankagwirizana ndi kugwa, ndipo bungwe lofufuza la 2012, motsogozedwa ndi woweruza Andrew Nyirenda, linati mnyamatayo anachita kuphedwa. Anthu anamangidwa, apolisi ena ali momwemo, kenaka mlandu unazizira.

Mu Okutobala 2019, dziko likutentha ndi mkangano wa chisankho, wapolisi Usumani Imedi anagendedwa mpaka kufa ku Msundwe. Imfa imeneyo inali yankhanza, ndipo iye naye anasiya banja. Koma zimene zinatsatira sizinali kusaka amene anamupha. Apolisi analowa m'nyumba za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amuna atathawa, ndipo amayi ndi atsikana anagwiriridwa. Bungwe la maufulu linatsimikiza, maloya achizimayi anatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukutamisozi komanso kuti ochita zimenezi amangidwe. Ndalama zinaperekedwa. Zaka zinadutsa popanda wapolisi ndi mmodzi yemwe kuweruzidwa.

Nkhani zimenezi zinamveka chifukwa zinakhudza ndale. Pansi pake pali nkhanza za tsiku ndi tsiku, zogwera woganiziridwa kuba foni, mbuzi kapena njinga, wogulitsa malonda m'misewu, mayi woyendayenda usiku. Kwa zaka zambiri lamulo la vakabu, lotsalira kwa atsamunda, linkalola wapolisi kugwira aliyense wopezeka panja nthawi yosayenera. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa mbandakucha mu 2015 akupita kumsika wa Limbe. Iye anakana kungolipira faindi n'kumapita, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo limenelo la lamulo. Munthu wamba mmodzi anagumula kachidutswa ka mkhate.

Chimene chimaumba mkhate

N'chifukwa chiyani mchitidwewu sukufa? Choyamba ndi gawo 176 lija. Lamulo la 1967 lapitirira mpaka m'nthawi ya demokalase. Likuti khoti lilandire mawu ovomera mlandu, kenaka liziona lokha ngati woimbidwa mlandu anawanenadi komanso ngati ndi oona. Kwa wofufuza mlandu uthenga wake ndi womveka: chibonga chimabala umboni. Pamene komiti ya United Nations inaunika Malawi mu 2022, inapempha kuti gawoli likonzedwe, ndiponso kuti kuzunza womangidwa kukhale mlandu wodziimira pawokha m'malamulo a zilango, chifukwa wozunza amangoimbidwa mlandu wovulaza kapena wakupha ngati munthu wina aliyense womenyana kumowa.

Chachiwiri ndi umphawi wa ntchitoyo. Wapolisi amene alibe galimoto yopitira pamalo a mlandu, amene amapempha wodandaula kuti agule mafuta, amene alibe zida zopimira zidindo za zala, koma bwana akumufunsa kuti katundu wobedwa ali kuti, amatembenukira ku chinthu chokhacho chimene ali nacho pafupi, thupi la woganiziridwa. Izi sizikumuchotsera mlandu, koma amene amagawa ndalama za boma ali ndi gawo lawo pa bala lililonse.

Chachitatu ndi chakuti polisi yakhala ikudzifufuza yokha. Wolakwa amasamutsidwa kupita ku boma lina, fayilo imasowa, mboni ndi anzake ogona nawo m'malayini amodzi. Lamulo la apolisi la 2010 linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, koma panatha zaka 10 lisanakhazikitsidwe, ndipo litayamba ntchito pansi pa Christopher Tukula linali ndi anthu ochepa ndi ndalama zochepa. Wozunzidwa akalimba mtima n'kusuma, amene amasumiridwa ndi boma, ndipo chipukutamisozi chimachokera ku msonkho wa tonsefe, womenyedwayo ali momwemo. Womenya satulutsa ngakhale tambala.

Chachinayi ndi ife. Wakuba akagwidwa pamsika, ndi angati mwa ife amene amati mutengereni kukhoti? Timafuula kuti athibulidwe, ena amathamangira petulo. Katundu wathu akabedwa timapita kupolisi n'kukanong'oneza kuti mumupanikize pang'ono, aulula. Tikamva kuti apatsidwa belo timati apolisi adya ndalama. Mbali ina ya mkhate tinaumba ndi manja athu, poiwala kuti chibonga sichidziwa kusiyanitsa wakuba ndi womunamizira.

Mlandu suola

Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 wachialubino anabedwa ku Dedza. Dziko linali litatopa ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino, ndipo mkwiyo unali paliponse. Mmodzi mwa ogwidwa anali Buleya Lule. Anaonekera kukhoti ku Lilongwe, anakana mlandu, ndipo posakhalitsa anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Kunalibe munthu wovuta kumumvera chisoni masiku amenewo kuposa woganiziridwa mlandu wotere. Komabe bungwe la maufulu linaitana Dr Dzamalala kuti apimenso mtembo, ndipo anapeza mabala a m'mutu, zipsera za kuotchedwa, ndi umboni wakuti anamugwiritsa magetsi. Imfa yake inapwetekanso achialubino eniake, pakuti zonse zimene akanatha kunena kukhoti zinapita naye kumanda. Kuzunza kumapha munthu, kumaphanso zoona zimene amati akuzifuna.

Panatha chaka ndi miyezi popanda womangidwa. Boma litasintha mu Juni 2020, apolisi 13 anamangidwa, pakati pawo mkulu wa chigawo. Mlandu unayenda pang'onopang'ono, ena anamasulidwa, koma mu Disembala 2024 Khoti Lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wakupha, ndipo pambuyo pake anawalamula kukakhala kundende zaka zapakati pa 15 ndi 20. Zinatenga pafupifupi zaka 6. Zinatheka chifukwa dokotala analemba zimene anaona, bungwe la maufulu silinabise lipoti, mkazi wamasiye wa Lule sanatope, ndipo oweruza anawerenga mabala a munthu amene dziko linali litamuweruza kale.

Chigamulo chimenechi chatiphunzitsa chinthu chimene mwambi uja sunanene. Khoswe anachotsedwa, ndipo mkhate sunasweke. Polisi ilipo, ikugwira ntchito, ndipo apolisi ambiri amene sanakwezepo dzanja pa womangidwa angathe kuyenda mutu uli m'mwamba. Mantha akuti kulanga wapolisi n'kugwetsa boma anali bodza limene atsamunda anatisiyira, chipani chimodzi chinalilera, ndipo maboma a demokalase analipeza lokoma. Chimene chatsala n'chodziwika: gawo 176 lichotsedwe kuti mawu otuluka ndi chibonga asalowenso m'khoti, kuzunza kukhale ndi dzina ndi chilango chake m'malamulo, bungwe la madandaulo lipatsidwe mphamvu ndi ndalama, imfa iliyonse ya m'chitokosi ipimidwe ndi dokotala wosadalira polisi, ndipo milandu ya Msundwe ndi ya Chasowa itsitsidwe pashelefu.

Amene anafera ku Nkhata Bay, ku Dzaleka, ku Nsanje ndi ku Thambani sitingawabwezere kanthu. Koma mawa m'mawa mayi wina adzamanga nsima m'nsalu n'kukakhala pansi pa mtengo wa pa polisi. Mwana wake mwina anabadi, mwina ayi. Zimenezo ndi za khoti. Chimene dziko lili naye ngongole mayiyu n'chakuti mwanayo atuluke pakauntala akuyenda ndi miyendo yake, monga analowera.